Kugwira utuchi usanauluke: malangizo a shopu ya matabwa ya pakhomo

Mukaweruka madzulo, tsekani chitseko cha shopu, muzimitse magetsi, muyatse tochi yowala bwino n'kuilozetsa chopingasa chipindacho. Tinthu tambirimbiri timene tizioneka tikuyandama m'kuwalako ndito tofunika kulimbana nato. Mulu wa utuchi uli pansi pa macheka uja umangonyansa m'maso, fosholo imathana nawo. Loopsa ndi fumbi losalala ngati ufa woyera, limene limatsala m'mwamba makina atazima kalekale.

Tsitsi la munthu ndi lonenepa pafupifupi ma micron 70 (micron ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita). Fumbi lochepera ma micron 10 silioneka m'kuwala kwa masiku onse, ndipo ndi lomwe limadutsa mphuno kukafika m'chifuwa. Mu 1995 bungwe la IARC, nthambi ya World Health Organization yofufuza za khansa, linaika fumbi la matabwa m'gulu loyamba la zinthu zoyambitsa khansa, makamaka ya m'mphuno mwa anthu amene apuma fumbi la mitengo yolimba kwa zaka zambiri. Mphumu ndi kuyabwa kwa khungu sizidikira zaka zonsezo. Ku Britain lamulo la malo a ntchito sililola fumbi la mitengo yolimba kupitirira mamiligalamu 3 m'kyubiki mita imodzi ya mpweya pa tsiku la maola 8, ndipo la mitengo yofewa malire ake ndi mamiligalamu 5.

Kuti manambalawa amveke, titenge galaja ya mamita 6 m'litali, 4 m'lifupi ndi 2.7 kupita m'mwamba, momwe muli macheka a patebulo, makina opala matabwa, mitre saw (macheka otsitsa ndi dzanja, odula thabwa chopingasa) ndi makina a sandipepa. Mpweya wa m'menemo ndi makyubiki mita 65. Kuchulukitsa ndi mamiligalamu 3 kukupatsani mamiligalamu 195, osafika ndi kota ya galamu yomwe. Tsono mukang'amba thabwa la paini lochindikala mamilimita 25 mtunda wa mita imodzi ndi buledi yodya mamilimita 3, mwagaya magalamu oposa 30 a mtengo. Ngakhale litauluka gawo limodzi lokha pa magawo 100, mamiligalamu 195 aja mwawadutsa ndi thabwa limodzi. N'chifukwa chake dongosolo lonse lili pansipa lagona pa kugwira fumbi pomwe likubadwira.

Gawo loyamba: dziwani makina amene akuyenera ntchito iti

Makina okoka utuchi alipo a mitundu iwiri, ndipo ndalama zambiri zimalowa m'madzi chifukwa chowasokoneza. Vakyumu imakoka mwamphamvu koma mpweya wochepa, kawirikawiri makyubiki mita 150 mpaka 250 pa ola. Imagwira bwino ndi hozi yopyapyala ya mamilimita 27 mpaka 50, pa zida za m'manja: makina a sandipepa, router (yosema mizere ndi m'mphepete mwa thabwa), jigsaw (kacheka kodula mokhota) ndi macheka ozungulira a m'manja. Makina aakulu aja a matumba awiri, amene m'masitolo amalembedwa kuti dust collector, amasuntha mpweya wambiri koma mphamvu yawo yokoka ndi yochepa. Amafuna paipi yotakata ya mamilimita 100 kupita m'tsogolo, ndipo malo awo ndi pa macheka a patebulo, makina opala, bandsaw (macheka a lamba) ndi lathe (makina ozunguliza mtengo pousema).

Mukalumikiza makina aakuluwo ku kahozi ka sandipepa, amabanika, chifukwa alibe mphamvu yokoka mpweya pa kabowo kakang'ono. Mukalumikiza vakyumu ku makina opala, hozi imatsekeka thabwa loyamba lisanatuluke. Shopu yathu ya chitsanzo ikufuna zonse ziwiri. Ngati thumba silikulola, yambani ndi vakyumu, poti sandipepa ndiyo imatulutsa fumbi losalala kwambiri, komanso pafupi ndi mphuno.

Nambala yolembedwa pa katoni musaikhulupirire yonse. Opanga ambiri amayeza fani yokhayokha, yopanda hozi, yopanda sefa. Makina a mawati 750 mukawaika hozi ndi thumba angakupatseni pafupifupi makyubiki mita 600 pa ola, ngakhale katoni ikunena zoposa 1,000. Amenewa amakwana kutumikira chida chimodzi chili pafupi. Kuti muyale mapaipi m'shopu monse, pezani a mawati 1,100 kapena 1,500.

Gawo lachiwiri: mapaipi

Yambani ndi choko pansi, osati ndi ndalama ku hadiweya. Jambulani pomwe chida chilichonse chikhale, n'kuika makina opala ndi macheka a patebulo pafupi kwambiri ndi makina okoka, chifukwa ndiwo ofuna mpweya wambiri. M'galaja ya mamita 6, paipi imodzi yoyenda m'mbali mwa khoma limodzi ndi nthambi zitatu zazifupi ndi zokwanira. Ngati makina anu ndi aang'ono aja a mawati 750, iwalani za mapaipi a kukhoma. Aikeni pa matayala muziwakankhira ku chida chimene mukugwiritsa ntchito, ndi hozi yosapitirira mamita 2 kapena 3.

Kukula kwa paipi kumatsatira lamulo limodzi: mpweya uyenera kuthamanga pafupifupi mamita 20 pa sekondi kuti utuchi usagone m'njira. Pa paipi yogona mamita 18 akwana, koma pokwera m'mwamba pamafunika 20 yense. Paipi ya PVC ya zimbudzi ya mamilimita 110, yomwe imapezeka pafupifupi m'hadiweya iliyonse, m'kati mwake ndi pafupifupi mamilimita 103, ndipo makyubiki mita 600 pa ola amathamangamo mamita 20 pa sekondi ndendende. Mpweya womwewo muulowetse m'paipi ya 160, liwiro litsika kufika mamita 9. Utuchi uyamba kugona pansi pa paipi ngati mchenga mu ngalande, tsiku lina mutsegula geti lotsekera nthambi ina, mulu wonse unyamuka kamodzi n'kukatseka pa bendi. Paipi ya 160 ndi yabwino zedi pa fumbi losalala, koma imafuna makina osuntha makyubiki mita 1,200 pa ola enieni, osati a pa katoni.

Kuchepetsa nakonso kuli ndi mtengo wake. Mukatsika kuchoka pa mamilimita 100 kufika pa 50, malo odutsa mpweya satsala theka ayi, amatsala kota. Bowo limodzi laling'ono pa chida limalamulira paipi yonse, ngakhale ikhale yotakata chotani kumbuyoko.

Hozi yopindika ija ya mizeremizere imakana mpweya pafupifupi katatu poyerekeza ndi paipi yosalala ya utali womwewo. Igwiritseni ntchito kumapeto kokha, polumikiza chida, ndipo muikoke iwongoke. Yotsala muidule, musaikulunge pansi ngati njoka. Pokhota musaike bendi yakuthwa ya madigiri 90. Ikani mabendi awiri a madigiri 45 ndi kachidutswa kowongoka pakati. Nthambi zizilowa m'paipi yaikulu ndi cholumikizira cha Y chopendekera komwe mpweya ukupita, osati cha T, ndipo zizichokera m'mbali kapena pamwamba pa paipiyo. Nthambi yolozetsa pansi imasanduka nkhokwe ya utuchi wa zida zina. Paipi isanalowe m'makina okoka, isiyireni mita imodzi yowongoka kuti mpweya ufike pa mapiko a fani uli wodekha.

Nthambi iliyonse ikhale ndi geti lake lotsekera, lija amati blast gate, pafupi ndi paipi yaikulu. Mutha kulipanga nokha: matabwa awiri a pulayiwudi obooledwa pakati, ndi kathabwa kopyapyala kotsetsereka pakati pawo. Kathabwako kazituluka mbali zonse ziwiri, mbali ina yoboola, ina yotseka, kuti kazidzikankhira utuchi kunja. Mageti apulasitiki otseka kumapeto amadzaza utuchi m'ngodya n'kusiya kutseka bwino. Pogwira ntchito, geti lotsegula likhale limodzi basi.

Musamate mapaipi ndi guluu wa PVC. Tsiku lotsekeka lidzafika ndithu, ndipo mudzafuna kumasula. Alowetseni mothina n'kuzunguliza tepi ya aluminiyamu kunja. Ngati mukumanga ndi masikulu, akhale aafupi. Nsonga yotulukira m'kati imakola zopalidwa zazitali, ndipo mpira wotseka paipi umayambira pomwepo. Hozi ya mamilimita 100 sivala paipi ya 110. Njira yachidule ndi kutenga cholumikizira cha 100, kuchikulunga mphira wa chubu cha njinga kawiri kapena katatu, n'kuchikankhira m'kati mwa paipi ya 110.

PVC imasunga magetsi a mkwecho wa utuchi, makamaka m'miyezi youma, ndipo mukaigwira imalasa. Waya wa kopa wozungulizidwa kunja n'kulumikizidwa ku chitsulo cha makina umachepetsako kulasako. Musauyendetse m'kati mwa paipi, umakola zinyalala.

Gawo lachitatu: pakamwa pokokera

Pano ndi pomwe ntchito imapindulira kapena kulephera. Kandulo mutha kuizimitsa ndi kuuzira muli patali, koma yesani kuizimitsa ndi kukoka mpweya, muyandikira mpaka kupsa milomo. Paipi nayo ndi chimodzimodzi: pa mtunda wofanana ndi kutakata kwa kamwa lake, liwiro la mpweya limatsala pafupifupi gawo limodzi pa magawo 10. Paipi ya mamilimita 100 yoikidwa masentimita 30 kuchokera pa buledi ikungokongoletsa shopu. Choncho kamwa likhale pafupi, likhale komwe chida chikuponyera utuchi kale, ndipo malo odulirawo atchingidwe mbali zambiri momwe mungathere.

Macheka a patebulo amataya utuchi pawiri. Wambiri umagwera pansi pa tebulo, koma mano a kumbuyo kwa buledi, pokwera, amanyamula fumbi n'kuliponyera pamwamba, molunjika pachifuwa panu. Pansipo, ngati macheka ndi a miyendo yapululu, atchingeni ndi pulayiwudi ya mamilimita 6 kapena 9, muike pansi potsetsereka madigiri 45 kapena kuposa, bowo la mamilimita 100 likhale potsikitsitsa. Mipata ya pakati pa tebulo ndi bokosi muitseke ndi siponji yakale ya matiresi. Mng'alu wokhota womwe chogwirira chopendeketsa buledi chimayendamo muuphimbe ndi mphira wa chubu wong'ambidwa pakati.

Koma musatseke ponseponse. Ambiri amamata bowo lililonse n'kudabwa kuti makina asiya kukoka. Mpweya wotuluka uyenera kulowa penapake. Siyani mipata yomwe mukaiphatikiza ikuposa kukula kwa paipi, ndipo ikhale mbali yoyang'anana ndi bowo lokokera kuti mpweya uzisesa bokosi lonse podutsa. Ngati mota ili m'kati mwa bokosilo, mpata umodzi ukhale pafupi nayo kuti izizizira.

Pamwamba, chotchingira buledi chikhale ndi bowo lake la hozi. Ngati chanu chilibe, pangani china ndi pulasitiki yoonekera ya polycarbonate, yomwe sisweka ngati galasi, muike bowo la mamilimita 50 pamwamba chakutsogolo, n'kulumikiza vakyumu. Fumbi lomwe limakukutani mukamayepula m'mphepete mwa thabwa, buledi ili ndi mbali imodzi pamtunda, limachepa ndi chotchingira chotsika mpaka kukhudza thabwa.

Makina opala ndi osavuta, chifukwa amabwera ndi chivundikiro chake. Vuto lawo ndi kuchuluka. Thabwa la paini lotakata masentimita 30 limatulutsa zopalidwa zazitali zomwe zimakolana, makamaka likakhala losauma bwino. Mukaona timaenje pamwamba pa thabwa lopalidwa, ngati wina walidinda ndi chikhadabo, dziwani kuti zopalidwa sizikuchoka msanga ndipo zikupondedwa ndi rola. Fupikitsani hozi, chepetsani kudya kwa mpeni kufika milimita imodzi pa ulendo, ndipo yang'anani pakamwa pa fani. Makina ambiri ali ndi timipiringidzo topingasa pamenepo totchinga zidutswa zikuluzikulu, ndipo zopalidwa zimaunjikana pomwepo. Musatidule pokhapokha mutaika cholekanitsa cha m'gawo lachinayi.

Mitre saw ndiye yovuta kuposa zonse, imamwaza ngati wofesa mawere. Kathumba kamene imabwera nako kamagwira pang'ono chabe. Chitani ziwiri: vakyumu pa bowo la machekawo, ndi bokosi lotsegula kutsogolo kumbuyo kwake, lotakata mokwanira kuti macheka azitembenuka madigiri 45 mbali zonse, lokhala ndi bowo la mamilimita 100 pansi chakumbuyo. Kamphira kodulidwa ku chubu cha galimoto, komangidwa ngati kafanulo kuseri kwa buledi, kamalondolera utuchi ku bowo la vakyumu. Podula thabwa lotakata, tsitsani buledi pang'onopang'ono. Kuthamanga kumaponya utuchi wambiri kuposa umene mpweya unganyamule.

Pa makina a sandipepa onetsetsani kuti mabowo a pepala akugwirizana ndi a makina. Pepala lomatidwa mokhota latseka njira yonse. Mapepala a ukonde, monga Abranet ya kampani ya Mirka, amadutsa fumbi paliponse. Vakyumu ikamakoka kwambiri moti makina akukakamira pa thabwa n'kusiya timizere tozungulira, chepetsani mphamvu yake kapena tsegulani kabowo kopumira pa hozi.

Gawo lachinayi: cholekanitsa

Sefa imafa msanga ngati utuchi wonse ukufika pa iyo. Cholekanitsa chimakhala pakati pa chida ndi makina okoka: mpweya umazungulira m'kati, zolemera zimaponyedwa kukhoma n'kugwera mu mgolo, sefa imalandira chotsala chochepa. Chimatetezanso mapiko a fani ku misomali ndi zidutswa. Mutha kugula cyclone yopangidwa kale, monga Dust Deputy ya Oneida, kapena kupanga nokha chimene amisiri amachitcha Thien baffle, potengera dzina la amene anachiyambitsa. Cha makina aakulu chimafuna mgolo wachitsulo wa malita 200 kapena wapulasitiki wolimba wa malita 120, pulayiwudi ya mamilimita 18 ya chivundikiro, thabwa losalala lopyapyala la mamilimita 6, bendi imodzi ya 110, kachidutswa ka paipi ya 110, ndi ndodo zitatu za mazinga za M8 ndi manati ake. Mgolo womwe munali petulo, thinala kapena mankhwala musauyandikize chopukusira, pezani wina.

Dulani chivundikiro chozungulira choposa kamwa la mgolo pang'ono, mupale kangalande pansi pake momwe mulomo wa mgolo uzilowa, n'kumatamo siponji yopyapyala kapena mphira. Boolani mabowo awiri. La pakatikati ndi lotulukira mpweya kupita ku makina, ndipo paipi yake itsike pansi pa chivundikiro theka la kutakata kwake, pafupifupi mamilimita 55. Lachiwiri likhale m'mphepete, momwe bendi ilowere. Kamwa la bendiyo liyang'ane motsatira khoma la mgolo kuti mpweya uyambe kuzungulira ukangolowa.

Kenako dulani thabwa lopyapyala lija mozungulira, lofanana ndi m'kati mwa mgolo. Gawani m'mphepete mwake patatu. Gawo limodzi, madigiri 120, lisiyeni likhudze khoma. Magawo awiri otsalawo, madigiri 240, muwayepule mamilimita 28 kuti pakhale mpata pakati pa thabwa ndi khoma. Lipachikeni pansi pa chivundikiro ndi ndodo zitatu zija, likhudze pansi pa bendi. Gawo losayepulalo liyambire pansi pa kamwa la bendi n'kupitirira komwe mpweya ukulowera. Mukalitembenuza, mpweya wothamanga umagwera mu mgolo n'kuvundula utuchi womwe unagona kale. Ntchito ya thabwali ndi imeneyo: utuchi ugwere pa mpata, koma kamvuluvulu wa pamwamba asaufikirenso.

Chimene chimapha cholekanitsa ndi kudontha kwa mpweya pa chivundikiro. Kampata kochepa pa mulomo wa mgolo kamalowetsa mpweya wokwera m'mwamba, n'kunyamula fumbi kupita nalo ku sefa. Matani polowera mapaipi ndi silikoni. Khuthulani mgolo ukafika magawo awiri mwa atatu. Ukadzaza mpaka pa thabwa, zonse zimangodutsa, ndipo mupeza sefa itaphimbika. Kazenera ka pulasitiki yoonekera m'mbali mwa mgolo kakupulumutsani ku zimenezi. Mgolo wa malita 200 wodzaza utuchi wa macheka umalemera makilogalamu 30 kapena 40 osawerengera chitsulo chake, choncho uikeni pa matayala.

Cha vakyumu chimapangidwa mofanana pa ndowa ya malita 20 ndi mapaipi a mamilimita 50. Kusiyana kwake n'kwakuti vakyumu imafinya ndowa yapulasitiki hozi ikatsekeka. Lowetsani ndowa ziwiri pamodzi, kapena ikani mkombero wa pulayiwudi m'kati chapakati.

Cholekanitsa chilichonse chimadya gawo la mpweya. Pa makina a mawati 750 kuchepako kumamveka ndithu, ndiye muchepetse hozi kuti mubweze zomwe zatayika.

Gawo lachisanu: sefa, kapena kunja

Makina otchipa amabwera ndi thumba lansalu la ma micron 30. Thumba lotere limagwira zimene tsache likanagwira, n'kupopera fumbi loopsa lija m'chipinda, pa msinkhu wa mphuno. Liyatseni mumdima ndi tochi ija, muona utsi ukutuluka m'nsalu monse. M'malo mwake ikani sefa ya mapindemapinde yooneka ngati mgolo, ya micron imodzi kapena kuchepera apo. Mapindewo amapereka malo aakulu odutsa mpweya, motero makina amakokanso bwino kuposa kale. Pansi ikani thumba lapulasitiki lochindikala, lomangidwa ndi lamba wake mothina.

Pa vakyumu yang'anani chilembo. Ku Ulaya amaziika m'magulu atatu: L imagwira 99 peresenti ya fumbi, M imagwira 99.9, H imagwira 99.995. Pa matabwa yoyenera ndi M kapena H. Sefa ya HEPA ya muyezo wa ku America imagwira 99.97 peresenti ya tinthu ta micron 0.3. Muziika thumba m'kati mwa vakyumu ngakhale ili ndi sefa. Limachedwetsa kutsekeka ndipo potaya simukhuthula fumbi pamtunda.

Kumene kulibe chisanu choopsa, njira yotchipa kuposa zonse ndi kutulutsa makina okoka kunja. Amangireni kakhumbi kotchinga mvula kuseri kwa khoma, paipi idutse pakhoma, fumbi lodutsa sefa lisabwererenso m'shopu. Phokoso nalo limatsala konko. Kwa amene ali ku Lilongwe kapena ku Chipata izi n'zosavuta. Wa ku Leeds ku Britain m'mwezi wa Januwale ataya kutentha konse kwa m'galaja m'mphindi zochepa. Musalozetse potulukira ku zenera la neba kapena ku chingwe choyanika zovala, ndipo cholekanitsa chikhalepo ndithu. Zenera limodzi la shopu likhale lotsegula kuti mpweya wina uzilowa. Ngati galaja yagundana ndi nyumba momwe muli chitofu cha nkhuni kapena chotenthetsera madzi cha gasi, makina angakoke utsi wake kubwerera m'nyumba, ndipo utsi umenewo umapha.

Gawo lachisanu ndi chimodzi: magetsi

Pulagi ya mano atatu ya fyuzi ya ma amp 13 pa mavoti 230 imanyamula pafupifupi mawati 3,000. Macheka a mawati 2,000 ndi makina okoka a 1,100 pa ekisitenshoni imodzi adutsa kale, osawerengera kuti mota poyamba kuzungulira imakoka magetsi kangapo kuposa ikamayenda. Apatseni masoketi osiyana, ndipo muziyatsa okoka poyamba, afike pa liwiro lake, kenako macheka. Pa jenereta dongosolo ndi lomwelo.

Samalani ndi makina ochokera ku America. Kupatula nkhani ya mavoti 120, mota yawo inapangidwira magetsi a 60 Hz, pomwe imazungulira pafupifupi ka 3,450 pa mphindi. Pa 50 Hz ya ku Malawi, Zambia, South Africa ndi Britain imatsika kufika pafupifupi 2,850, ndipo fani yochedwa imakoka mofooka. Pa mota ya mafezi atatu, mawaya akasinthana fani imazungulira chobwerera koma imakokabe pang'ono, moti munthu atha kukhala miyezi akudandaula za mapaipi. Yang'anani muvi wojambulidwa pa chikuto cha fani pamene ikuima.

Gawo lachisanu ndi chiwiri: kuyesa ndi kupeza chalakwika

Yatsani koyilo ya udzudzu kapena lubani, muyendetse pafupi ndi polumikiza paliponse makina akuyenda. Utsi ukakhotera m'paipi, pamenepo pakudontha. Uyendetseninso mozungulira buledi, macheka ali chizimire ndipo pulagi yake mwazula: pomwe utsi ukukwera osakokedwa ndi pomwe fumbi lizithawira. Mbali yotulukira mpweya, kuyambira pa fani kukafika pa sefa, kudontha kumadziulula ndi timizere ta fumbi pa chitsulo. Kumeneko ndiye kofunika kumata msanga, chifukwa kukutuluka fumbi losasefa.

Kuti mudziwe nthawi yotsuka sefa, pangani choyezera ndi kapaipi koonekera kaja amisiri omanga nyumba amatengera levulo. Dulani mita imodzi ndi theka, mukapinde ngati U pa thabwa, muthire madzi a utoto mpaka theka. Nsonga imodzi ilowe pa kabowo pakati pa fani ndi sefa, ina ikhale yotsegula. Yatsani makina sefa ili yoyera, geti limodzi lili lotsegula, mulembe kusiyana kwa madzi mbali ziwirizo. Kusiyanako kukawirikiza, sefa yatsekeka. Igogodeni ndi dzanja kapena zungulizani chogwirira chake, mudikire fumbi ligwere m'thumba la pansi musanamasule. Ngati mukuuzira ndi kompuresa, chitirani kunja, kuchokera kunja kwa sefa kulowetsa m'kati, ndi mphamvu yochepa, poti mpweya wamphamvu umaboola pepala.

Kukoka kukafooka mwadzidzidzi, ndi kutsekeka: yambani pa bendi yoyamba kuchokera ku makina opala, kenako pakamwa pa fani. Kukafooka pang'onopang'ono, ndi sefa kapena geti losatseka. Makina akayamba kunjenjemera, zulani pulagi muyang'ane mapiko. Utomoni wa paini umamata fumbi mbali imodzi, kapena kansanza kakoledwa. Mageti onse akatsekedwa mota ya makina aakulu sipsa, imapepukidwa kumene. Imalemedwa kwambiri ikamayenda yopanda paipi ndi sefa.

Moto nthawi zambiri umayamba ndi chitsulo. Msomali ukagunda mapiko achitsulo umathetheka, kamoto n'kukagona mu utuchi, kumanyeka mwakachetechete mpaka usiku. Musakoke zosesa pansi popanda cholekanitsa ndi maginito pakamwa, musakoke zothetheka za chopukusira zitsulo, ndipo buledi ikapsereza thabwa mpaka kufuka, khuthulani mgolo tsiku lomwelo. Nsanza za mafuta opaka matabwa a linseed zimayaka zokha zikaunjikidwa. Ziyanikeni chotambasula panja, kutali ndi utuchi.

Gawo lomaliza: chimene chathawa

Fumbi lina lithawabe. Kuti lichoke, mpweya wa m'chipinda usefedwe kapena kusinthidwa kasanu ndi kamodzi pa ola. M'galaja yathu ndi makyubiki mita 390 pa ola. Fani ya pakhoma yotulutsa mpweya, zenera lotsegula lili mbali inayo, imachita zimenezi, bola inu muime pakati pa zenera ndi chida kuti fumbi lizikuthawani. Kozizira, pachikani bokosi la fani ndi sefa pafupi ndi denga, lizitsala likuyenda ola limodzi kapena awiri mutaweruka.

Masiki ansalu ndi a kuchipatala aja tinazolowera nthawi ya Covid-19 sagwira nkhope mothina, fumbi limalowera m'mbali. Pezani olembedwa FFP3, kapena a mphira okhala ndi masefa a P3. FFP2 ndi N95 amateteza mochepera apo. Ndevu zimalepheretsa masiki kugwira. Muwavale podula MDF (matabwa a ufa wa mtengo wothinidwa pamodzi), yomwe fumbi lake ndi losalala kwambiri komanso lili ndi guluu, popala mlombwa ndi mbawa ndi sandipepa, ndiponso pokhuthula mgolo. Za kumwa mkaka kuti utsuke fumbi, mkaka umapita m'mimba, fumbi lili m'mapapo, sizikumana.

Pansi muzikoka ndi vakyumu. Tsache louma ndi kompuresa zimabweza m'mwamba zomwe zinagona. Ngati kusesa n'kosapeweka, wazani madzi pang'ono kaye.

Utuchi wa mitengo yosathira mankhwala uli ndi ntchito: zopalidwa za paini zouma ndi zogonera nkhuku, utuchi wa macheka umayaka mu mbaula ya utuchi. Ku munda uyambe waola pamodzi ndi manyowa a ziweto, apo ayi tizilombo towoletsa timalanda nayitrojeni m'nthaka ndipo mbewu zimachita chikasu. Wa MDF, wa pulayiwudi ndi wa matabwa obiriwira aja othiridwa mankhwala a CCA, omwe ali ndi poizoni wa arsenic, usapite ku khola, ku munda kapena pa moto. Tsiku lodula zimenezi yambani ndi mgolo wokhuthula, ndipo mukamaliza mumange utuchiwo m'thumba lakelake lokataya.